Maloya a chuma cha masiye abwererenso m'kalasi

Maliro akangotha, nkhani yotsala pakhomo imakhala ya chuma. Nyumba ya ku Area 25 atenge ndani, galimoto atenge ndani, nanga ana a mayi wina uja? Banja likathamangira kwa loya, ine funso langa limakhala limodzi: kodi loyayo anawerenga liti komaliza malamulo okhudza chuma cha masiye?

Sikuti ndikunyoza ayi. Lamulo lakale la mu 1967 linachotsedwa mu 2011, m'malo mwake kunabwera Deceased Estates Act. Munthu akamwalira osasiya wilu, chuma chimayenera kupita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi amene ankamudalira. Amalume sangabwerenso ndi mfundo yoti "kwathu timatero". Mwana wobadwa kunja kwa banja nayenso ali ndi gawo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu atha kukakhalira kundende mpaka zaka 10.

Sizinathere pomwepo. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati lomwe limafotokoza mmene khoti lingavomerezere banja la anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5 popanda chinkhoswe kapena ukwati wa kutchalitchi. Kwa mayi amene achibale a mwamuna akumuuza kuti "unali chibwenzi chabe", lamulo limeneli ndi lomwe lingamusiyire denga. Malamulo a malo anasinthidwa mu 2016 ndi mu 2022, la penshoni mu 2023. Ndiye loya amene anatuluka ku Chanco mu 2008, ngati sanabwererenso ku mabuku, akulangiza anamfedwa ndi malamulo omwe anapita kale.

Za penshoni ndiye zimasokoneza mabanja ambiri. Ndalama zimenezi zimatsata fomu yomwe munthu analembapo maina a odzalandira, osati wilu. Bambo atha kulemba wilu yabwinobwino, koma ngati pafomu pakadali dzina la mkazi woyamba ndipo ana aang'ono palibepo, mkangano wayamba kale. Loya wodziwa ntchito amafunsa za fomuyi tsiku lomwe akulemba wiluyo.

Chuma chathu achinyamatafe ndiye china. Ambiri tilibe ng'ombe kapena nyumba. Tili ndi ndalama ku Airtel Money ndi ku Mpamba, masheya a ku Malawi Stock Exchange, mwina kabizinesi ka pa WhatsApp komwe makasitomala onse ali mufoni. Munthu akapita, amapita ndi PIN yake. Achibale ena amangotenga foni n'kutapa ndalama usiku wa maliro womwewo, osadziwa kuti nakonso ndi kulanda chuma cha masiye. Kodi ndi makalata ati ofunika kuti kampani ya foni kapena banki itulutse ndalamazo mwalamulo? Loya azitha kuyankha osayamba wazungulira.

Ena anena kuti maphunziro owonjezera alipo kale. Zoona, loya amayenera kukwanitsa maphunziro otere kuti chiphaso chake chiwonjezeredwe chaka ndi chaka. Koma kukhala pansi kumvera za misonkho ya makampani sikuthandiza mayi wamasiye wa ku Ntcheu. Ndikupempha bungwe la Malawi Law Society kuti aliyense wogwira nkhani za wilu ndi chuma cha masiye azikhala ndi maphunziro akeake a gawo limeneli, okhala ndi zigamulo zatsopano za makhoti, komanso kasamalidwe ka ndalama za ana amasiye zomwe zimadutsa m'manja mwa loya.

Ndipo m'kalasimo musakhale maloya a maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe okha. Anthu ambiri sakwanitsa kulipira loya, amapita kwa DC, kwa Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau. Ogwira ntchito kumeneko ndi amene amakumana ndi mayi wa ku Ntcheu uja atanyamula chikalata cha imfa ya mwamuna wake, choncho nawonso apatsidwe mpando.