Amayi anga sadziwa "Average", ndipo sukulu ikudziwa zimenezo

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, kuti ndikayamba kuloza ena chala musati ndikudziyeretsa.

Kwa zaka zitatu ndinali womasulira wa amayi anga. Teremu ikatha, mchemwali wanga, mzime wa kwathu, ankabwera ndi kapepala ka lipoti kopindapinda m'thumba la yunifolomu. Amayi ankakasunga m'kati mwa Baibulo mpaka ine nditafika ku Kachulu kuchokera ku tauni ku Zomba. Ndisanamwe ndi madzi omwe, amvekere: "Iwe, tandiwerengera ichi. Akuti chiyani aphunzitsi?" Ine ndinkayang'ana pa mzere wa Chingerezi, n'kupeza nambala ndi liwu limodzi: "Average". M'munsi mwake: "Work hard next term." Ndiye ndinkati, "Akuti ali pakatikati, Mayi. Alimbikireko pang'ono." Amayi n'kugwedeza mutu, n'kubwerera ku thandala lawo la matemba. Nkhani yatha.

Sitandade 5, Average. Sitandade 6, Average. Sitandade 7, Average, ndipo teremu ina anakhala nambala 19 pa ana oposa 100, mpaka amayi anamugulira Fanta pa doko.

Ali mu Sitandade 8, pa holide ya Khirisimasi, ndinabwera ndi mapepala a mayeso akale. Tinakhala pakhonde, ndinamupatsa pepala la sayansi kuti awerenge funso loyamba. Anawerenga mokweza, mosadodoma, mawu onse kuwatchula bwinobwino. Mtima wanga unakhala m'malo. Kenako ndinati, "Chabwino. Ndiye akufunsa chiyani? Tandiuza m'Chichewa." Zii. Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, n'kuyamba kukanda pansi ndi chala chakuphazi. Ndinayesa funso lachiwiri, lachitatu. Chimodzimodzi. Mwanayu ankatha kutchula Chingerezi, koma sankamva chimene akutchulacho. Zaka zonsezi ankaloweza manotsi a pabolodi, mayeso a pasukulu n'kubwera ofanana ndi manotsiwo, iye n'kubweza zomwe analoweza, n'kutenga Average yake.

Miyezi inali itatha kale. Zotsatira za mayeso zitatuluka, dzina lake panalibe. Amayi sanakalipe. Anangondifunsa funso limodzi lomwe mpaka lero limandilasa: "Kodi si iwe unkati ali pakatikati?"

Eya, ndi ine. Koma inenso ndinkangobwereza zomwe zinali papepala. Ndiye lero ndikufuna kulimbana ndi pepalalo, ndi khalidwe lonse limene lili kumbuyo kwake. Sukulu yake sinditchula, chifukwa vutoli si la sukulu imodzi.

Inu amene munaphunzira m'sukulu zolipira za m'tauni, komwe mwana amayamba "good morning" asanasiye kuyamwa, mwina simudziwa phompho limene lili pa Sitandade 5. M'sukulu za boma za kumudzi, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 mwana amaphunzira m'Chichewa, Chingerezi chili phunziro limodzi chabe. Akangolowa Sitandade 5, mabuku asintha lilime: masamu, sayansi, zaulimi, zonse m'Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 limati Chingerezi ndiye chilankhulo chophunzitsira, koma lamulo silinabwere kudzagona m'nyumba za ku Kachulu, komwe mwana akaweruka amamva Chichewa, Chilomwe ndi Chiyao basi. Pa mayeso a PSLCE, kupatula pepala la Chichewa, mapepala ena onse amabwera m'Chingerezi. Ndiye mwana wosamva Chingerezi salephera phunziro limodzi ayi. Amalephera ndi masamu amene amawadziwa, chifukwa funso silinamveke. Akapulumuka pamenepo, kutsogolo mlonda wake ndi yemweyo: satifiketi ya MSCE situluka usanakhoze Chingerezi, kaya maphunziro enawo wawatafuna bwanji.

Tsono ndikufunseni: ndi makolo angati a ku Kachulu kapena ku Chisi amene anakhazikidwapo pansi n'kuuzidwa zimenezi m'chilankhulo chawo? Amayi anga sanauzidwepo. Ankaganiza kuti Chingerezi ndi phunziro ngati ena onse, loti ukafookako ubwezera ndi masamu.

Chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti Kachulu si malo osowa mauthenga. Mtengo wa matemba ukakwera ku msika wa Limbe m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo aliyense pa doko wadziwa. Boti likachedwa kuchokera ku Chisi, mafoni amalira. Msodzi amene wakhala milungu pa chimbowera m'kati mwa nyanja amamva maliro a kumudzi tsiku lomwelo. Nyanja ya Chilwa ikuuma mu 2018, anthu a kuno sanadikire nyuzipepala kuti iwauze, ankaona okha mabwato akutsalira m'matope. Koma uthenga woti mwana sakumva zimene akuwerenga unatenga zaka zitatu kuti uyende mtunda umene mwanayo amayenda wapansi m'mawa uliwonse. Ndipo unafika mwangozi, pakhonde, kudzera mwa ine amene si mphunzitsi.

Talionani lipoti lenilenilo. Limalembedwa m'Chingerezi, kupita kwa kholo limene sukulu ikudziwa bwino lomwe kuti silimva Chingerezi. Kuuza munthu za vuto la Chingerezi m'Chingerezi, abale, si nthabwala imeneyi? Limabwera tsiku lotsekera, teremu itafa kale, palibenso chokonza. Limanena nambala ya mwana m'kalasi, ngati kuti kukhala nambala 19 pakati pa ana amene ambiri sakumvanso kuli ndi phindu. Ndiye pali "Work hard" uja. Alimbikire chiyani kwenikweni? Kuwerenga? Kulemba? Kumva? Mutapita kuchipatala, dokotala n'kukuuzani kuti "muli pakatikati, mulimbikire", mungatuluke mutakhutira? Tsiku lotsekera pamakhala kuitana mayina pabwalo, nthungululu, kufupa amene akhoza. N'zosangalatsa, inde, koma chimenecho ndi chikondwerero. Kholo limabwerera kunyumba losadziwa kanthu ngati mmene linabwerera.

Ndipo musandiuze kuti sukulu sidziwa kufikira makolo. Ikafuna ndalama ya chitukuko, ya mlonda, kapena yosindikizira mayeso, uthenga umafika m'Chichewa choyera, chosasowa womasulira. Ikafuna njerwa ndi mchenga, imadzera kwa amfumu, mudzi wonse n'kumva. Misonkhano ya PTA imene amayi anga anapitako inali ya zimenezi basi. Ndalama imalankhula Chichewa, koma maphunziro a mwana amalankhula Chingerezi. Zikutheka bwanji?

Ndikudziwa kale zomwe anzanga aphunzitsi andiyankhe, ena ndili nawo pa WhatsApp. Ati: "Aise, sunaimepo kutsogolo kwa ana 100. Mabuku ndi ochepa, nyumba zogona kulibe, malipiro amathera m'ngongole. Ukufuna tilembe kalata kwa kholo lililonse?" Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Ndawaona aphunzitsi akukankha njinga m'matope a dzinja kuti akafike m'kalasi. Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, sukulu zinatsekedwa, makalasi ambiri m'chigawo chakum'mwera anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ndi aphunzitsi omwewa amene anatolera zotsalazo. Sindikunena kuti ndi aulesi. Koma mfundo yawoyi ikugwirizana ndi ine. Ngati uli wekha ndi ana 100, ndiye kuti ukufunikira thandizo la anthu amene amakhala ndi anawo madzulo onse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mutu umodzi susenza denga. Nanga bwanji mukusenza nokha, eni ana muli nawo pafupi?

Yankho lachiwiri ndi limene limandiwawa: "Makolo ake ndi osaphunzira, angathandize chiyani?" Amayi anga analekezera Sitandade 3. Sukulu yaulere inabwera mu 1994 iwo atakula kale. Koma mayi yemweyu amasunga m'mutu ngongole za ogula oposa 20, sasokoneza ngakhale kwacha imodzi. Kusadziwa Chingerezi si kusowa nzeru. N'zoona sangaphunzitse galamala, koma akanadziwa, akanamumasula mwanayu pa ntchito yotembenuza nsomba masana. Akanamupezera tochi yowerengera. Akanandikoka khutu ine kuti ndizibwera pafupipafupi. Akanapempha okha kuti abwereze Sitandade 5, pomwe panathyokera mwendo, m'malo mobwereza Sitandade 8 ali wamkulu kale, anzake atapita. M'mera mpoyamba. Ndiponso mayeso amene ndinachita pakhonde aja safuna digiri. Kholo lililonse likhoza kunena kuti "werenga apa, kenako undiuze m'Chichewa", ndipo kholo lililonse limadziwa mwana wake akasowa chonena kapena akayamba kupeka.

Kuno kunyanja nkhaniyi ndi yoopsa kuposa kwina. Mnyamata wa Sitandade 6 amene amakhala m'kalasi tsiku lonse osamva kanthu, pomwe mnzake wabwera ndi ndalama m'thumba kuchokera kokoka khoka, sachedwa kusankha. Mtsikana naye amapezeka ndi womulonjeza banja. Tikamva kuti mwana wasiya sukulu timati ndi umphawi, timati ndi nyanja. Nthawi zina n'zoona. Koma ena amathawa manyazi okhala chaka ndi chaka m'chipinda momwe anthu akulankhula zosamveka, kunyumba akuuzidwa kuti zonse zili bwino.

Yankho lachitatu: "Tikawaitana sabwera." Mumawaitana nthawi yanji? M'mawa, pomwe mabwato akukocheza, pomwe chakudya cha tsikulo chikupezeka? Ndipo mumawaitanira chiyani? Munthu amene ulendo uliwonse akabwera mumamupempha ndalama, tsiku lina adzadwala mutu. Yesani kulengeza kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa amfumu kuti msonkhano uno wa ndalama ayi, ndi wa ana anu okha, muone.

Zimene ndikupempha sizifuna kudikira Capital Hill.

Choyamba, sabata yoyamba ya Sitandade 5 pakhale msonkhano wa nkhani imodzi yokha. A hedi aimirire anene m'Chichewa: kuyambira lero mabuku a ana anu asintha chilankhulo, ndipo mwana akatsalira pano, mayeso a Sitandade 8 adzamuvuta onse.

Chachiwiri, makolo auzidwe chimene mwana akuyenera kutha pofika kumapeto kwa chaka, m'mawu ogwirika: kuwerenga kandime n'kukafotokoza, kulemba kalata yaifupi payekha, kuyankha funso limene sanaliwonepo. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso amachokera ku MANEB mu mzinda wa Zomba. Onsewa ndi anansi athu, m'boma lathu lomwe lino. Tsamba limodzi la Chichewa lofotokozera makolo zimene kalasi iliyonse ikufuna lingalepheretse chiyani?

Chachitatu, lipoti likhale ndi mizere inayi ya Chichewa yolembedwa kale, mphunzitsi azingochonga umodzi: satha kutchula mawu, amatchula koma samva tanthauzo, amamva koma satha kulemba chiganizo chake, amamva ndipo amalemba. Kuchonga sikutenga nthawi yoposa kulemba "Work hard". Mzere wachiwiriwo ukanachongedwa mu Sitandade 5, nkhani ino sindikanailemba.

Chachinayi, pakati pa teremu, osati pamapeto, makolo a ana khumi amene atsalira kwambiri aitanidwe. Mwana awerenge pamaso pa kholo ndi mphunzitsi, pambali, osati pagulu, chifukwa cholinga si kumuchititsa manyazi. Amayi a mother group ndi a komiti ya sukulu alipo kale, amadziwa khomo lililonse. Atumeni.

Tsopano ndibwere kwa ife, a mafoni osisita. Timathera mabandulo pa Facebook kukangana za Bullets ndi Wanderers, kuseka Chingerezi chothyoka cha anzathu m'makomenti, pomwe mng'ono wathu kumudzi akumira mwakachetechete. Ndife amene makolo amatikhulupirira kuti tiwawerengere lipoti, ndipo timawerenga ngati tikuwerenga risiti. Ine ndinali ndi zaka zitatu zoti ndifunse funso limodzi, sindinafunse. Safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi mwana. Holide ikubwerayi mukapita kumudzi, musayambe ndi kufunsa kuti wakhala nambala chani. Tengani buku lake la Chingerezi, tsegulani tsamba limene sanafikepo, awerenge, akufotokozereni. Mphindi khumi zokha. Zimene mupeze mukawauze makolo mosabisa, ngakhale zikhale zowawa.

Mchemwali wanga akubwereza Sitandade 8. Sukulu itatsegulira, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita okha kukaonana ndi aphunzitsi a kalasi yake. Akuti anati: "Aphunzitsi, pepani, ine za Average sindizidziwa. Mungondiuza, mwana wangayu akumva kapena sakumva?" Aphunzitsiwo anawapatsa mpando, anawafotokozera zonse m'Chichewa kwa theka la ola, n'kumaliza ndi kuti palibe kholo linawafunsapo choncho. Mukuona? Yankho linalipo nthawi yonseyi. Koma si bwino kuti kholo lizichita kuvala chitenje cha kutchalitchi, n'kusiya nsomba pa thandala, kuti limve chimene linayenera kuuzidwa kalekale.

Masiku ano madzulo mtsikanayu amawerenga mokweza, kenako n'kumasulira, amayi akusankha matemba pambali. Akayamba kuzungulira, amangoti, "Sindinamve, bwereza." Sabata yatha anandiimbira kuti lipoti la teremu yoyamba lafika, lili m'Baibulo likundidikira. Ndinafunsa mwanayo kuti pa Chingerezi alembapo chiyani. Akuti Average.

Ndawauza amayi kuti ulendo uno sindimasulira. Tipita limodzi kusukulu, akatimasulire eni ake.