Khomo la nyumba yanu si la boma

Abale ndi alongo a ku Tsangano ndi ku Macanga,

M'midzi mwathu mwafala mawu akuti: "Boma likagogoda, tsegula, usafunse." Ili ndi bodza, ndipo ndi bodza loopsa.

Lamulo lalikulu la dziko lathu, Constituição ya 2004, pa Artigo 68 likunena zinthu zitatu:

1. Nyumba ya munthu, makalata ake ndi mauthenga ake a pa foni salowereredwa, kupatula pamene lamulo lalola.
2. Mwini nyumba akakana, wolamula kuti alowe ndi woweruza wa ku tribunal. Si mkulu wa posto, si nyakwawa, si sekeretale wa cipani.
3. Usiku palibe wolowa popanda cilolezo ca mwini nyumba.

Ena amati: "Wosalakwa aopanji?" Kumbukirani za ku Kapise. Mu 2015 ndi 2016, asilikali a boma ndi a Renamo atamenyana kuno ku Tete, anthu oposa 10,000 anathawira ku Malawi, ambiri ku Kapise m'boma la Mwanza. Othawawo anauza bungwe la Human Rights Watch kuti asilikali a boma, pofunafuna a Renamo, ankatentha nyumba ndi nkhokwe. Boma linakana. Koma amene anagona m'zisakasa anali alimi ngati inu. Khomo likathyoledwa popanda lamulo, wosalakwa salekedwa.

Pa malire, a Alfândega ali ndi mphamvu yoona katundu wowoloka. Koma nkhokwe ya cimanga, mitolo ya fodya ndi matumba a kacewere pakhomo panu si malire ayi.

Akabwera:
• Funsani mwaulemu maina awo ndi mandado, kalata ya woweruza.
• Itanani anansi akhale mboni.
• Akatenga cinthu, cilembedwe papepala.
• Musamenyane nawo. Kadandauleni ku Procuradoria ku Tsangano kapena ku Furancungo. Wopanda ndalama, a IPAJ amamuthandiza kwaulere.

Apolisi amamvera boma, ndipo boma mumaliika ndinu. Wofuna voti akafika ndi nyimbo ndi nsalu, mufunseni pamaso pa anthu: "Kodi Artigo 68 mumaidziwa? Wapolisi akathyola khomo langa usiku, mudzandiyankhulira?" Akazemba funsolo, wa cipani ciliconse, mwamudziwa.

Voti ndi yacinsinsi. Sungani bwino khadi lanu lovotera.