Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana agwire zipangizo zoyezera mvula ndi mpweya

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa jogalafe, ndipo zaka zanga zambiri ndathera pa bolodi m'masukulu a sekondale oyendera. Ndalemba kalatayi kudzapempha chinthu chimodzi: ana athu ayambe kugwira ndi manja awo zipangizo zoyezera nyengo ndi mpweya, zimene pakadali pano amangozijambula m'makope.

Mutu wa nyengo uli kale m'silabasi. Mwana wa ku sekondale atha kukujambulirani choyezera mvula mwaluso, n'kulemba dzina la gawo lililonse. Amadziwa pamtima kuti bokosi la Stevenson, losungiramo mathemomita, limapakidwa utoto woyera kuti lisamwe kutentha kwa dzuwa, ndipo lili ndi timipata m'mbali kuti mpweya uzidutsa. Mayeso a MANEB amakhoza bwinobwino. Koma mutamupatsa galasi la mizere muli madzi, n'kumufunsa kuti mvula yagwa yochuluka bwanji, amangoti kakasi. Sadziwa kuti galasilo lisapendekeke, kuti diso likhale mulingo umodzi ndi madziwo, ndiponso kuti awerenge pakati pamene madzi atsika, osati m'mbali mmene akwera ndi galasi. Zimenezi dzanja ndi diso zimaphunzira pochita. M'masukulu ambiri amene ndaphunzitsamo chipangizochi mulibe. Kwina chilipo ndithu, koma chinatsekeredwa m'kabati kuopa kuti ana angachiswe.

Inu mukudziwa zimene nyengo yatichita. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala mumdima miyezi yambiri. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe; anthu amene anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera anaposa 1,000. Patangotha chaka, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. A zanyengo amachenjeza pa wailesi, koma chenjezo limabwera m'manambala, ndipo nambala imene munthu sanaigwirepo siimuopsa. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mwana amene wakhala akuyeza yekha, akamva kuti kugwa mamilimita 100 tsiku limodzi, amaona ndowa zisanu za malita 20 zikukhuthulidwa pa kamalo kameneko, ndi pa kamalo kalikonse ka phiri lonse limene lili kumtunda kwa nyumba yawo. Mwana woteroyo ndi amene angadzutse makolo usiku kuti asamuke.

Nthambi yoona zanyengo ili ndi masiteshoni ake ku Chileka, Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Ngabu ndi kwina. Koma mvula ya kwathu kuno ndi yosankha. Imagwa mudzi uno n'kulumpha mudzi winawo. Mbali ya phiri la Mulanje kumene kuli minda ya tiyi imanyowa kwambiri kuposa mbali ya ku Phalombe. Masiteshoni ochepa sangaone zonsezi, pamene sukulu zili paliponse pamene pali anthu. Buku la mvula losungidwa pasukulu zaka zingapo lingauze mlimi wa m'deralo ngati imene yagwa mu Okutobala ndi chizimalupsa chabe kapena yobzalira, asanataye mbewu yogula modula.

Za mvula anthu amazimva msanga. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha mpweya umene tikupuma, chifukwa ngozi yake siigumula nyumba, imangodya mapapo pang'onopang'ono. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ena mwa iwo ana aang'ono omwalira ndi chibayo. Choopsa mu utsi ndi tinthu timene akatswiri amati PM2.5, tating'ono kwambiri moti tingandandalike pafupifupi 30 kuti tifike kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timadutsa m'mphuno osagwidwa, n'kukafika pansi penipeni pa mapapo, tina mpaka m'magazi. Mu 2021 bungwe lomwelo linati mlingo wa tsiku usamapitirire mamaikulogalamu 15 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya.

Masiku ano pali timabokosi toyezera tinthu timeneti, tokwana m'manja. M'kati muli kafani kokoka mpweya ndi kuwala kwa leza kumene kumawerenga tinthu todutsa, nambala n'kuoneka pa kagalasi. Taganizirani kalasi itatenga kabokosi kotere m'mamawa kupita nako kukhitchini kumene amayi akuphika phala la ana, nkhuni zili zosauma bwino. Nambala imalumpha 15 uja kambirimbiri, ana akuona ndi maso. Kenako apite nako pabwalo la mpira, alembe. Apite m'mbali mwa msewu pamene minibasi zimaima injini zikulira, alembe. Ayezenso mu Ogasiti ndi Seputembala pamene tchire likupsa posaka mbewa, pamene uvuni wa njerwa wayatsidwa, ndi pamene ife eni ake tayatsa zinyalala za mapulasitiki kuseri kwa kalasi, monga timachitira. Ayerekeze moto wa pamafuwa ndi wa chitetezo mbaula, aone okha ngati pali kusiyana, m'malo mongomva kwa alangizi. Atsikana, amene ndiwo amakhala pa utsi umenewu madzulo alionse, ali ndi ufulu wodziwa chimene akupuma.

Timabokositi timanama nthawi zina, ndipo pamenepo mpamene pali phunziro lalikulu. Tsiku la chiperoni, chinyezi chimatupitsa tinthu tija, ndiye nambala imakwera ngakhale utsi usanachuluke. Choyezera mvula chikaikidwa pansi pa mtengo wa mango kapena pafupi ndi denga chimapereka bodza. Themomita yosiyidwa padzuwa imaonetsa kutentha kwa galasi lake lomwe. Mwana akazolowera kufunsa kuti chipangizo chinaikidwa pati, anawerenga nthawi yanji, ndipo chinayerekezedwa ndi chiti, wayamba sayansi yeniyeni. Adzakhalanso wovuta kumupusitsa ndi mauthenga a nyengo opanda mwini amene amayenda pa WhatsApp.

Anzathu anayamba kale. Pulogalamu ya GLOBE, imene inayamba mu 1995 mothandizidwa ndi NASA, yakhala ikuphunzitsa ana a sukulu m'mayiko ambiri kuyeza mitambo, mvula ndi kutentha, n'kutumiza zimene apeza. Bungwe la TAHMO limaika masiteshoni ake ambiri a nyengo m'masukulu a mu Africa. Ku Uganda, a AirQo a pa yunivesite ya Makerere amapanga okha zoyezera mpweya zotsika mtengo, zina n'kuzimangirira pa njinga zamoto zakabaza mu Kampala. Kuno kwathu, yunivesite ya MUST ku Thyolo imaphunzitsa digiri ya zanyengo. N'zomvetsa chisoni kuti wophunzira azikafika kumeneko asanakhuthulepo choyezera mvula ngakhale kamodzi.

Mudzati ndalama palibe, ana akusowa madesiki ndi mabuku. N'zoona, ndipo ine ndimaphunzitsa m'makalasi omwewo. Koma choyezera mvula ndi chitini, fanelo ndi galasi. Sichifuna magetsi, ndipo chimakhala zaka. Toyezera utsi tingagulidwe tochepa n'kumazungulira m'masukulu oyandikana. Vuto lalikulu limene ndikuliona ndi la anthu. Aphunzitsi ambiri nafenso tinaphunzira zipangizozi pa chithunzi. Ndiye ku Domasi ndi ku Nalikule, kumene amasula aphunzitsi a sekondale, ntchitoyi iyambire kumeneko, akatswiri a zanyengo akaphunzitse okha. Pakhalenso dongosolo la amene aziwerenga pa tchuthi cha Khirisimasi, mvula ili pachimake sukulu zili zotseka, chifukwa buku lodumpha masiku silithandiza munthu.

Ndipo zimene ana ayeza zikhale ndi kopita. Mwana akaona kuti manambala ake amangothera m'kope, pofika teremu yachiwiri wasiya. Unduna wanu ugwirizane ndi nthambi ya zanyengo komanso bungwe loteteza chilengedwe la MEPA kuti azilandira manambalawa, aziwaunika, ndi kuyankha. A Malawi Institute of Education alembe ntchitoyi m'silabasi ngati yochita ndi manja, ndipo MANEB ipereke malikisi pa buku la zoyeza, pakuti tonse tikudziwa kuti chimene sichibwera pamayeso sichiphunzitsidwa. Ngati zonse sizingatheke nthawi imodzi, sankhani masukulu ochepa m'boma lililonse, kuyambira ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Karonga kumene madzi amavutitsa kawirikawiri, kuti mvula yobzalira ikamadzagwa mu Novembala idzapeze zoyezera zili panja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa jogalafe