LAMULO LA ALENDO LISAMADZUKE USIKU WOKHA

Munthu woyenda m'Kamwala pa Ciweru m'mawa amamva zinenero zambiri: Cigujarati m'masitolo a Amwenye, Cichaina pa msika wa Luburma, ndi Ciswahili ca amalonda a ku Tanzania ndi ku Congo amene angotsika basi pa Intercity. Ambiri mwa Amwenyewo ndi nzika za dziko lino, pakuti makolo ao anakhazikika pamalopo m'nthawi ya atsamunda. Koma ambiri mwa enawo ndi alendo, ndipo Boma liyenera kudziwa kumene mlendo ali yense agona.

Pa mfundo imeneyi ife sititsutsa. Lamulo la 2010 loona za olowa ndi oturuka m'dziko, limene linalowa m'malo mwa la 1965, lipatsa mlendo cilolezo cokhala, cogwira nchito kapena cocita malonda. Wopempha cilolezoco amalemba kumene akhala, ndipo akasamuka ayenera kudziwitsa a Imigireshoni. Lamulo lomwelo liletsa kusunga m'nyumba munthu wolowa m'dziko mozemba. Nkhawa yathu iri pa kagwiritsidwe kake.

Miyezi imapita popanda wofunsa kanthu. Kenaka usiku wina magalimoto amazinga komboni, zitseko zimagogodedwa, ndipo anthu amakwezedwa m'malole ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Matero. Mawa lake timamva pa wailesi ciwerengero ca ogwidwa, ndi kuti ena mwa iwo amasulidwa ataonetsa mapepala ao. Otsalawo, ena amakagona ku ndende ya Kamwala kuyembekeza khoti kapena kubwezedwa kwao. Tsono tifunsa: ngati munthu ali ndi mapepala abwino, anakwezedwa bwanji m'lole? Ofesi imene inampatsa cilolezo ikadakhala ikudziwa khomo lake, sikukadafunika kumdzutsa pakati pa usiku kuti imfunse dzina.

Tinene poyera kuti lamuloli silitsatika mofanana kwa onse. Mlendo wokhala ku Kabulonga kapena ku Woodlands ali ndi dzina la mseu ndi nambala ya puloti, ndipo kampani yake iri ndi kalaliki womlembera makalata. Mlendo wogulitsa pa kantemba m'Kamwala, amene madzulo amabwerera ku Kanyama kapena ku George, adiresi yake ndi "kuseri kwa cigayo, pafupi ndi mpope". Nyumba zina ziri nayo nambala yopakidwa pakhoma, koma m'pulotimo muli zitseko za lendi zosawerengeka, ndipo njira yofikira kumeneko iribe dzina. Lendi ikakwera asamuka. Madzi akalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, monga acitira ku Kanyama caka ndi caka, asamukanso. Nthawi iri yonse ayenera kutseka kantemba ndi kukaima pamzere ku Kent Building pa mseu wa Haile Selassie, kapena kufunafuna intaneti. Ambiri sapita, ndipo popeza palibe wowafunsa, amaganiza kuti lamulolo linafa, kufikira usiku wa malole.

Makomboni amenewa analandiridwa ndi lamulo la nyumba la 1974. Papita zaka zoposa 50, ndipo Khonsolo ya Lusaka sinatsirize kupatsa njira zake maina. Pamenepa mlandu suli wa mlendo.

Akuluakulu akumbukira kuti m'nthawi ya Cipani cimodzi ca UNIP, imene inatha ndi masankho a 1991, wapampando wa sekishoni anali kudziwa ali yense wogona m'nyumba za m'dera lake. Sitipempha kuti zimenezo zibwerere, pakuti maso omwewo anali kuzonda nzika ndi kufunsa makhadi a Cipani pamsika. Koma pamene njirayo inacotsedwa sipanaikidwe ina yofika pakhomo la munthu wamba.

Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Alendo a m'makomboni athu si mame. Pali a ku Rwanda amene anafika kuno pambuyo pa kuphana kwa mu 1994, ndipo ana ao anabadwira kuno, alankhula Cinyanja ca mu Lusaka monga ana athu. Wothawa nkhondo ayenera kukhala ku malo oikidwa ndi Boma, monga Meheba, Mayukwayukwa kapena Mantapala, pokhapokha atapatsidwa cilolezo cokhala m'tauni. Amene alibe cilolezoco adziwa kuti kuchula adiresi yake ya ku Chawama ndi kudzipereka yekha kuti abwezedwe ku msasa. Motero amakhala cete, ndipo kaundula wa Boma amatsala wopanda maina a anthu amene komboni yonse iwadziwa.

Kuopsa kwa zimenezi tinakuona mu April 2016. Mitembo itapezeka ku George ndi madera oyandikana nako, mphekesera inafala yakuti alendo ndiwo akupha anthu cifukwa ca zizimba za malonda. Masitolo oposa 60, ambiri a anthu a ku Rwanda, anathyoledwa, anthu awiri a dziko lino anatenthedwa ku Kanyama, ndipo alendo mazanamazana anathawira ku chalichi ca St Ignatius. Othyolawo sanasowe adiresi. Anali kudziwa sitolo iri yonse ndi mwini wake. Kaundula woona ndi wokwanira akadathandiza apolisi kufika poyamba pa makomo amenewo.

Tipempha Unduna wa za M'dziko kuti utumize antchito a Imigireshoni kukakhala pa misika ya Kamwala, Kanyama, Chawama ndi Matero masiku odziwika mwezi uli wonse, kuti wosamuka alembetse masana, mwaulere, alandire ndi kapepala kotsimikiza. Wocedwa kulembetsa koma ali ndi cilolezo cabwino acenjezedwe poyamba, asamangidwe. Makampani ndi eni nyumba zazikuru zosunga alendo afunsidwe mabuku ao kawirikawiri monga momwe afunsidwira wa pa kantemba. Ndipo a Khonsolo ayambe ndi Kanyama, kukhoma zikwangwani za maina a njira ndi kupaka nambala pa citseko ciri conse ca lendi, mvula ikudzayi isanayambe.