Likasa timaligwira, koma pa galimoto timapusa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga ndipo pano mwayamba kulandira kangachepe pakutha pa mwezi, lero ndalemba ndili wokwiya.

Sabata yathayi mnzathu wina anabwera ku sukulu ndi kaPasso koyera, kakadali ndi nambala ya IT. Pa nthawi ya bureki tonse tinasiya tiyi n'kuthamangira panja. Wina anasisita penti, wina analiza wailesi, wina anawerenga makilomita n'kuimba mluzu. Palibe ndi mmodzi yemwe anati tiyeni titsegule boneti. Nditafunsa ngati makaniko anakaiona ndalama zisanaperekedwe, mwini wake anaseka n'kundiuza kuti, "Akulu, ya ku Japan imeneyi, yangotsika m'sitima." Ngongole ya zaka zitatu wasainira chifukwa cha mawu amenewo.

Chondipweteka ndi ichi. Ndife anthu omwe nthawi ya mayeso a MSCE timavula mwana nsapato, kumupisa m'masokosi, kusanthula mpaka mkati mwa chivindikiro cha cholembera kufunafuna likasa. Mwana amene amalakwa chaka chonse akapeza 90 mwadzidzidzi sitiomba m'manja, timayamba tafunsa kuti wakhoza bwanji. Koma galimoto ya zaka 15 ikationetsa makilomita 50,000, timakhulupirira ngati zalembedwa m'Baibulo. Nzeru zija timazisiya pa geti ya sukulu?

Ndikulankhula monga munthu amene anapsapo. Mu 2021 ndinagula kaVitz ka 2007 kwa munthu wina amene sindimutchula. Anandiuza kuti tikumane masana, ndipo ndinapeza injini ili yotentha kale. Pa dashibodi panali makilomita 62,000. Ndinayenda nayo mozungulira msika kamodzi, pamalo a flati, wailesi ikulira, n'kupereka ndalama. Sabata yachisanu, ndikukwera zitunda za ku Dedza ndi banja langa, kanyali kofiira kanayaka ndipo nthunzi inatuluka mu boneti. Makaniko atamasula anapeza kuti gasiketi inapsa kalekale, wina anangothiramo mankhwala omata ming'alu kuti ifike pa tsiku logulitsa. Kenaka ananditsegulira chitseko cha dalaivala n'kundilozera kapepala komatidwa pa chitsulo. Zilembo za Chijapani sindinaziwerenge, koma manambala sasowa womasulira: oyilo anasinthidwa pa makilomita 141,000. Kapepala kameneko kanali pomwepo tsiku limene ndinkagula. Galimoto inakhala pa njerwa materemu awiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ngongole ikudulidwa mwezi ndi mwezi. Vuto silinali la Vitz ayi, ndi kagalimoto kolimba kosamwa mafuta ambiri. Vuto linali la wogulitsa wabodza ndi wogula waulesi.

Tiyambe tathetsa nthano yakuti ya ku Japan siinama. Ku Japan galimoto yatsopano imapimidwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse. Kupimako amakutcha shaken ndipo kumadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake anthu ambiri amagulitsa galimoto zikadali zabwino. Mpaka apa nthanoyi ili ndi choonadi. Koma pa misika yomweyo amagulitsanso zimene zinachita ngozi, zimene zinamira m'madzi osefukira, ndi zochokera kumpoto monga ku Hokkaido kumene amathira mchere mumsewu nthawi ya chisanu, mchere umene umadya chitsulo kunsi. Ajapaniwo sabisa. Pa pepala la ku okushoni amalembapo giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, pamene R ndi imene inagundapo n'kukonzedwa. Pa chikalata chotulutsira galimoto m'dziko mwawo amalembaponso makilomita amene inali nawo pa kupimidwa komaliza. Mapepala amenewa alipo. Wogulitsa akakuuzani kuti anasowa, mufunseni kuti bwanji makiyi sanasowe. Ndipo musaiwale kuti ikatsika pa doko la Dar es Salaam imayenda makilomita pafupifupi 1,500 kuti ifike ku Lilongwe, kudzera pa Songwe ndi kukwera Chiweta, m'manja mwa dalaivala amene akuthamangira kukatenga ina. Chikomekome cha mkuyu, anzanga.

Tsono poti ndife aphunzitsi, galimoto tiziilembetsa mayeso, ndipo woyang'anira mayesowo tikhale ife.

Mayeso ayambe m'mamawa, injini itagona usiku wonse. Gwirani boneti ndi dzanja. Ngati yafunda, wina wadzuka msanga kukubisirani kanthu, bwererani mawa lake. Injini yozizira ndi imene imaulula zonse: kuvuta kulira, phokoso la tcheni, ndi utsi. Wina alize, inu muime kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oyilo. Woyera wambiri wosatha ngakhale injini itatentha ndiye kuti madzi akulowa mosayenera. Wakuda ndiye kuti petulo sakupsa bwino. Injini ya 1KR ya masilinda atatu, imene ili m'ma Vitz ndi ma Passo ambiri, imanjenjemera pang'ono ikaima, chimenecho ndi chibadwa chake, koma isamagogode ngati muli munthu akukhoma misomali.

Isanalire, tsegulani chotsekera oyilo muone kunsi kwake. Mukapeza zoyererako ngati tiyi wamkaka, oyilo wasakanikirana ndi madzi. Mukapeza phala lakuda lomata, mwini wake sankasintha oyilo. Tsegulaninso radiyeta, injini ili yozizira, osati yotentha chifukwa mupsa nkhope. Muyenera kupezamo madzi a mtundu, ofiirira kapena obiriwira. Mukapeza madzi a pa mjigo adzimbiri, kapena thovu likumatuluka injini ikamalira, tsanzikani. Mphindi ziwiri zimenezi zikanandipulumutsa ine.

Kenaka khalani pa mpando, zimitsani wailesi, tembenuzani kiyi osaliza. Nyali zonse za pa dashibodi ziyake: ya injini, ya oyilo, ya ABS, ya airbag. Mukaliza zizime. Nyali imene siyaka n'komwe ndi yoopsa kuposa imene yakana kuzima, chifukwa ndiye kuti wina anaichotsa kapena kuimata tepi. Limenelo ndi likasa lenileni.

Za makilomita, musafunse dashibodi, funsani zimene dalaivala amagwira. Mphira wa pa buleki, chiwongolero, mpando wa dalaivala, lamba. Galimoto ya makilomita 50,000 singakhale ndi mphira wa buleki wotha mpaka chitsulo kuonekera. Funani timapepala ta oyilo pa zitseko ndi mu boneti.

Ndiye pali giyabokosi, pamene pagona ndalama zambiri. Ma Vitz ambiri a kuyambira 2005 ali ndi ya CVT, imene ili ndi oyilo wakewake, ndipo ikathiridwa oyilo wamba wa otomatiki imayamba kufa pang'onopang'ono. Pa flati simungadziwe. Kwezani anthu anayi, pezani chitunda, imani pakati, nyamukaninso. Ikamadzuka modukizadukiza, kapena injini ikamakuwa galimoto osapita, kapena mukamva kulira ngati mluzu, musamvere zakuti ingofunika sevisi. Yendani nayo kwa theka la ola, mumsewu wa tala ndi wafumbi womwe. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira: kukamveka kuti kha-kha-kha, ma CV joint atha. Pamalo owongoka pondani buleki muone ngati ikukokera mbali imodzi.

Chotsatira ndi chimene aphunzitsi timachikana chifukwa cha tayi: kugwada. Yalani chiguduli, gonani pansi ndi tochi. Onani dzimbiri, onani pamene pakudontha oyilo, onani ngati pali malo owotcherera kapena opakidwa phula latsopano pamene kwina konse kuli fumbi. Tigalimoto timeneti n'tatifupi, mahampu ndi miyala ya m'misewu yathu zimatigunda kumimba. Tengani kamaginito mu labu, kakulungeni m'kansalu, kayendetseni pa zitseko ndi m'mbali. Pamene kakana kumata pali fila wobisa bala. Onani mipata ya zitseko ndi boneti ngati ikufanana mbali zonse. Chotsani tayala la sipeya muone pansi pake, chifukwa okonza amasalaza kunja, mkatimo amasiya makwinya. Nyamulani kapeti, nunkhizani. Matope ouma ndi fungo la chinyontho ndi umboni wa madzi. Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa: manambala anayi m'mbali, monga 2318, kutanthauza sabata ya 23 ya 2018. Zambiri zimabwera ndi matayala a chisanu, ofewa, amene amaoneka a mano abwino koma satha kupirira kutentha kwa tala wathu. Muwerengeretu mtengo wa matayala anayi musanayambe kunenerera.

Pomaliza mapepala. Nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo ifanane ndi ya pa blue book, chilembo ndi chilembo, monga timachitira ndi nambala ya mwana pa mayeso. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akulandira ndalama. Onetsetsani kuti msonkho wa MRA unalipiridwa, ndipo kusintha umwini mukachite nokha ku Road Traffic limodzi ndi mwini wake, osatuma dobadoba. COF isakunamizeni: imangonena kuti tsiku limenelo galimoto inali yoyenera kuyenda pamsewu, siinena kuti injini yatsala ndi moyo wautali bwanji.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ndazimva kale mu sitafu. Ena akuti amakaniko nawonso ndi akuba. Alipo, inde, makamaka amene wabwera naye ndi wogulitsa. Tengani wanu, amene adzakhale akuikonza, mumulipire tsiku lake lonse, ndipo mumuuze kuti malipiro ake ndi omwewo kaya mugula kaya simugula. Ngati ali ndi kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto, abwere nako. Mukukana kulipira ndalama ya nkhuku ziwiri kuti muteteze ndalama ya zaka zitatu?

Ena akuti wogulitsayo ndi wa ku mpingo kwathu, kapena ndi mwana amene ndinamuphunzitsa, kumupima ndi kumunyoza. Ayi. Munthu wachilungamo sakwiya mukatsegula boneti, amakugwirirani tochi. Ndiponso mwina iyenso anapusitsidwa ndipo sakudziwa. Ubale umatha msanga galimoto ikafa kusiyana ndi pamene mwaipima. Ndipo inu ana anga amene mukuchita bizinesi imeneyi, ndikudziwa mumawerenga: mukabweza makilomita n'kugulitsa kwa mphunzitsi, mwaba fizi ya mwana wina. Musadzandipatse moni wa "sala" pa msika ngati mumachita zimenezo.

Ena akuti ukachedwa ena atenga. Atenge. Mawu akuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano ndi akale ngati msika womwe. Sitima sizinasiye kufika pa doko. Ndipo nambala yatsopano si thanzi la galimoto. Kagalimoto ka nambala yakale, ka munthu amene mukumudziwa, kamene makaniko wake mungathe kukamufunsa, nthawi zina kamaposa ka IT kamene mbiri yake simukuidziwa. Koma ife timafuna anthu aone kuti ndi yatsopano, ndipo kunyada kumeneko ndi kumene ogulitsa amadyerapo.

Kale munthu ukalakwitsa pogula unkapuma miyezi ingapo n'kukonza. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Injini kapena giyabokosi ikafa, ambiri a ife sitingaidzutsenso, imasanduka khola la nkhuku ngati yanga ija.

Mnzathu wa kaPasso uja ndamupempha kuti Loweruka m'mawa tipite nako kwa makaniko wanga. Ndalama anapereka kale, koma bola tidziwe chimene chikudwala chisanatigwetse pa msewu, ndipo mwina tipeza kuti anachita mwayi. Poyamba anakana, akuti ndikumuchitira nsanje. Dzulo wabwera yekha kudzafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji, chifukwa akuti m'mawa kakumatulutsa kautsi. Ndamuuza kuti 6 koloko, asakalize ndisanafike, ndipo abwere atavala zakuntchito za kumunda. Inu amene mukuganiza zotenga ngongole teremu ino, mubwere mudzaonere. Tochi ndi kamaginito ndibweretsa ndine.