Kodi Kompyuta Iziyankha Odi Aliyense?

Amene anaphikapo nsima akudziwa kuti pali nthawi imene suchoka pamoto ngakhale pakhomo pamveke odi. Ukangosiya mthiko pamene ukuthira ufa, nsima imachita mibulu. Komanso sungatseke makutu tsiku lonse, chifukwa wobwerayo mwina wabwera ndi uthenga wa matenda. Purosesa ya kompyuta imakhala pamphambano yotereyi kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo akatswiri olemba kernel, chomwe ndi chimake cha mapulogalamu oyendetsa kompyuta monga Linux, akhala akukangana za nkhaniyi kwa zaka zambiri.

Odi wa mu kompyuta amatchedwa interrupt. Kiyibodi ikadinidwa, disiki ikamaliza kuwerenga, kapena khadi la netiweki likalandira paketi ya deta, chipangizocho chimaitana purosesa. Purosesayo imasiya zimene inali kuchita, kusunga pomwe yalekezera, n'kulumphira ku kachigawo ka kernel kosamalira chipangizo choitanacho. Ikamaliza imabwerera. Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inali ndi njira zisanu ndi zitatu zokha zoitanira, zodzera pa kachipangizo ka Intel 8259. Lero, kudzera mu luso lotchedwa MSI-X, chipangizo chimodzi chikhoza kukhala ndi njira zofika 2048.

Okonda interrupt ali ndi mfundo yolimba. Njira ina yomwe ilipo ndi polling, kutanthauza kuti purosesa izipita yokha kukasuzumira pakhomo mobwerezabwereza, kaya kuli munthu kaya kulibe. Foni ya Android, yomwe imayendera kernel ya Linux, imatha tsiku lonse ndi batire limodzi chifukwa purosesa yake imagona nthawi yambiri, kudikira kudzutsidwa. Ikanamasuzumira mosalekeza, batire likanatha dzuwa lisanafike paliwombo.

Koma kudzutsidwa kuli ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pomwe nkhani imakoma. Mu 1996, Jeffrey Mogul ndi K. K. Ramakrishnan anafotokoza vuto limene analitcha receive livelock. Anaonetsa kuti mapaketi akamafika mothamanga kwambiri, kompyuta imathera mphamvu zake zonse kuyankha kuitana, osapeza mpata wopereka mapaketiwo kwa pulogalamu imene ikuwadikira. Makina sanafe, purosesa ili kalikiriki, koma palibe ntchito imene ikutha. Ali ngati mayi amene akungothamangira pakhomo kulandira alendo, nyumba yadzaza, koma mphika wapserera ndipo palibe amene adye. Taganizani za netiweki ya magigabiti 10: mapaketi aang'ono kwambiri akhoza kufika pafupifupi 14.88 miliyoni pa sekondi, kutanthauza kuti paketi iliyonse ili ndi mananosekondi 67 okha. Kusiya ntchito, kusunga polekezera ndi kubwereranso pa paketi iliyonse sikungakwane m'kanthawi kameneko.

Kuyambira kale, olemba kernel anachepetsa vutoli pogawa ntchito pawiri. Gawo loyamba ndi lachangu: kuvomera kuti kuitana kwamveka ndi kulemba kuti pali ntchito. Gawo lachiwiri, lolemera, limachitika pambuyo pake, makutu atatsegukanso. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma siithetsa livelock, chifukwa gawo lachiwirilo nalonso limakonda kudumpha mzere patsogolo pa mapulogalamu wamba.

Tsono ena anapita kumapeto kwenikweni kwa mbali inayo. Pulogalamu yotchedwa DPDK, yomwe inayambira ku kampani ya Intel, imalanda khadi la netiweki m'manja mwa kernel n'kupatula purosesa imodzi kapena zingapo kuti zizingosuzumira basi. Liwiro lake ndi lodabwitsa, ndipo makampani a mafoni ndi a intaneti amaidalira. Koma purosesa yopatulidwayo imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse ngakhale pakati pa usiku pamene palibe paketi ikubwera, ndipo magetsi amangopita. Kwa makina onyamula katundu wolemera usana ndi usiku, mtengowo ndi wolipirika. Kwa laputopu ya mphunzitsi kapena seva ya ofesi yaing'ono, n'kuwononga chabe.

Ine ndimaona kuti yankho lokhwima linachokera kwa Jamal Hadi Salim, Robert Olsson ndi Alexey Kuznetsov, amene mu 2001 anafotokoza njira yotchedwa NAPI, yomwe Linux ikugwiritsabe ntchito. Paketi yoyamba ikafika, khadi limaitana monga mwa nthawi zonse. Kernel ikamva, imauza khadilo kuti lileke kuitana, ndipo imayamba kutola yokha mapaketi, kawirikawiri 64 pa ulendo umodzi, mpaka atatha. Akatha, imalolanso kuitana. Chimene chimandisangalatsa kwambiri m'njirayi n'chakuti katundu akachuluka mopitirira, mapaketi otsala amatayikira pa khadi pomwepo, purosesa isanawonongerepo mphamvu iliyonse. Kutaya kulipo ndithu, koma n'kutaya kosadula. Ulamuliro wachoka kwa chipangizo, wabwerera kwa kernel.

Funso la ulamuliroli ndi lomwe lili pansi pa mkangano wina waukulu. Pali makina amene sasamala za kuchuluka kwa ntchito koma za kusachedwa: loboti ya m'fakitale imene iyenera kuimitsa mkono wake panthawi yake yeniyeni. Kwa makina otere, interrupt ya disiki imene yalowerera pa nthawi yolakwika ndi ngozi. Thomas Gleixner, Ingo Molnar ndi anzawo anatsata ganizo loti ntchito yosamalira interrupt isandulike thread, ndiko kuti iziima pamzere monga ntchito zina zonse, ndipo kernel izisankha yoyamba malinga ndi kufunika kwake. Njira yolola madalaivala, omwe ndi zigawo za kernel zosamalira zipangizo, kuchita zimenezi inalowa mu Linux 2.6.30 mu 2009, koma ntchito yawo yonse yoti Linux isamachedwe, yotchedwa PREEMPT_RT, inalandiridwa mokwanira mu Linux 6.12 mu 2024, patatha zaka pafupifupi 20.

Otsutsa sanali ouma mitu. Kusintha kuchoka pa thread ina kupita pa inzake kumadya nthawi, choncho makina otere amamaliza ntchito yocheperako pa sekondi. Mwini seva yotumikira anthu zikwizikwi alibe chifukwa cholipirira chitsimikizo chimene sakuchifuna, ndipo n'koyenera kuti PREEMPT_RT yakhala chinthu chosankha pomanga kernel, osati chokakamiza aliyense. Komabe ndikuima ndi a Gleixner pa mfundo yaikulu: chipangizo chisamalamule purosesa chifukwa choti chafuula. Ndipo ngakhale iwo anasiya makomo ena otsegula. Mwachitsanzo, interrupt ya wotchi ya mkati siisandutsidwa thread, chifukwa ndi imene imadzutsa kernel kuti ione ngati yafika nthawi yopatsa ntchito ina mpata.