Ndani adziwa malire a munda wathu?

Pali anthu amene amanena kuti munda wopanda pepala ulibe mwini. Ife tikuti limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza lakale. Linabwera ndi atsamunda.

Pa nthawi ya Apwitikizi, munthu woyeza malo, amene iwo amati agrimensor, anali kufika ndi cingwe ca citsulo ndi makina oyang'anira patali. Anali kuzika miyala ya simenti m'ngodya za malo, kulemba manambala, ndi kujambula mapu. Mbuye wa malo anali iye amene dzina lake linalembedwa m'buku la ku ofesi. Nanga agogo athu amene anagwetsa mitengo nalima pamenepo? Iwo sanafunsidwe. Sanali kudziwa kuwerenga, ndipo mtsamunda anafuna kuti zikhale conco.

Koma malire ife tinali nao kale. Munda wa uje uyambira pa mtengo wa mkuyu, utsata mtsinje, ufika pa culu, ukhota pa njira ya ku manda. Mfumu adziwa. Oyandikana nao adziwa. Amai amene amapalira pamenepo caka ndi caka adziwa koposa onse.

Pamene tinalandira ufulu mu 1975, nthaka yonse inakhala ya Boma. Siigulitsidwa. Lamulo la Nthaka la 1997 linaonjeza mau akulu: mudzi kapena munthu wokhala pa malo mwa mwambo ali ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, ufulu wochedwa DUAT, ngakhale alibe pepala. Nayenso mwana wa Mozambique amene walima malo ndi mtima woona kwa zaka 10 ali nao. Umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ulandiridwa.

Kodi tsono woyeza malo ndi mdani? Iai. Mudzi ungathe kupempha kuti malire ake alembedwe. Anthu amajambula okha mapu, amayenda m'malire pamodzi ndi midzi yoyandikana, ndipo woyeza amalemba zimene anthu amuonetsa. Iye atsate mapazi athu, osati ife kutsata cingwe cake.

Ngozi ili pa tsiku limene kampani ifuna malo. Lamulo liti ayambe afunsa mudzi, ndipo kalata ya msonkhano isainidwe. Kampani ingalandire malowo kufikira zaka 50. Zaka 50, anzathu! Mwana wobadwa lero adzakhala ndi adzukulu. Ndiye ena afuna tidinde cala msanga, galimoto ikulira panja, botolo la vinyo lili pa tebulo.

Tisadinde tisanawerenge. Tifunse kuti mahekitala ndi angati. Hekitala imodzi ndi mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi. Tifunse ngati dambo, citsime ndi manda zili mkati kapena kunja kwa mzere. Tiyang'anitsitse nambala: pakati pa 50 ndi 500 pali ziro mmodzi yekha, koma m'ziro ameneyo mungalowe minda ya mudzi wonse.